Ophika pa maukwati a ku Dzivarasekwa: nsima apatseni, koma matenti mukafune kwina

Anthu angapo a kumpingo kwathu ku Mufakose, muno mu Harare ku Zimbabwe, akhala akundifunsa za amayi amene anatiphikira pa ukwati wa mwana wa mlongo wanga mu Okutobala 2024, ndiye ndati ndilembe kamodzi kuti aliyense adziwerengere yekha. Ndinali msungichuma wa komiti, komanso monga malume wa mkwatibwi nkhani zonse za kuchikazi zinkafikira kwa ine, choncho dola iliyonse imene inapita kwa amayiwa inadutsa m'manja mwanga. Amakhala ku Dzivarasekwa, lokeshoni ina ya mumzinda muno, ndi mdzukulu wa matchona ngati ife tomwe, ndipo ntchito zawo ndi ziwiri: kuphika, ndi kubwereketsa matenti, mipando ndi nsalu zokongoletsera. Pa kuphika ndikuwayamikira ndi mtima wonse. Pa matenti ndi zokongoletsa sindingatumize mnzanga kumeneko.

Ukwati wathu unali wa mitundu iwiri. Ife agogo athu anachokera ku Dedza m'zaka za m'ma 1950, nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo mpaka lero timapemphera ku CCAP, m'sinodi ya Harare imene inakhazikitsidwa mu 1965. Mkwati ndi Mshona wa ku Murewa. Akwawo anatumiza munyai, mthenga wa za ukwati, anapereka roora, ndiye kuti malowolo, monga mwa mwambo wawo, ife tinalandira, koma tinawauzanso kuti kwathu popanda chinkhoswe banjalo lilibe pokadandaula zikavuta. Anavomera mosavuta. Chimene sanagonjere ndi tsiku. Mwezi wa Novembala, umene iwo amautcha Mbudzi, Ashona sachita mwambo wa ukwati. Disembala ndi mvula, ndiponso zinthu zimakwera mtengo chifukwa cha Khirisimasi. N'chifukwa chake maukwati ambiri muno mu Harare amaunjikana mu Seputembala ndi Okutobala, ndipo wophika wabwino ukamuchedwera umapeza Loweruka lililonse analitenga kale. 

Tisanawapeze amayiwa tinayamba tafunsa ophika awiri a m'tauni. Mapepala awo anali okongola, mitengo yolembedwa bwino, koma chakudya chake n'chija timadya pa ukwati uliwonse: mpunga, nkhuku yokazinga, nyama ya ng'ombe, saladi wa kabichi, ndi sadza, nsima ya Ashona, kwa amene akufuna. Nditatchula thobwa, mmodzi anati akagula maheu a m'mabotolo. Apo ndinadziwa kuti alendo athu ochokera ku Dedza adzabwerera kwawo akunena kuti ana a ku Halale anataya mwambo. Mlamu wanga ndi amene anatiuza za amayi a ku Dzivarasekwa, ndipo tinagwirizana zowayesa kaye pa chinkhoswe, chimene chinachitikira panyumba ya mlongo wanga mu Ogasiti. Sitinawafotokozere zambiri. Titafika pa nthawi yoti ankhoswe agawane nkhuku, anaitulutsa yathunthu, yosadula, yootcha bwino, m'mbale yovundikira, naipereka kwa azakhali atagwada. Munthu wosadziwa chinkhoswe akanaiduladula n'kuisakaniza ndi ndiwo zina. Tsiku lomwelo komiti inamanga mfundo.

Kalipiridwe kake kali pawiri. Mukhoza kuwasiyira zonse, iwo n'kukuwerengerani pa mbale, ndipo ife anatiuza $7 pa munthu. Kapena mumagula nokha zophika, iwo n'kubwera ndi manja, mapoto, mbale, masipuni ndi nkhuni. Tinasankha njira yachiwiri pa $450, chifukwa achibale ambiri analonjeza katundu osati ndalama: akuchimuna mbuzi ziwiri ndi theka la ng'ombe, a ku Dedza mpunga wa Kilombero, nyemba, mtedza ndi tsabola wa kambuzi, zimene zinabwera pa basi kudzera ku Tete ndi Nyamapanda. Amayiwa amafuna madola a ku America okha. Poyamba ena mu komiti anang'ung'udza, koma pa 27 Seputembala banki yaikulu itagwetsa mphamvu ya ZiG, ndalama ya dziko lino, kuchoka pa 14 kufika pa 24 ndi kanthu pa dola imodzi, onse anakhala chete. Zopereka zimene anthu anatitumizira mu ZiG pa EcoCash, njira yotumizira ndalama pa foni, zinafota tsiku limodzi, pomwe mtengo wa amayiwa unakhala pomwepo. Inu amene mukusonkha za ukwati panopa, msonkho wanu uzikhala m'madola, ndipo mukalandira ZiG gulirani katundu tsiku lomwelo.

Chimene chinandipatsa chikhulupiriro ndi m'mene anawerengera chakudya. Ndinawauza kuti makhadi tasindikiza a anthu 250. Iwo anandiyang'ana n'kunena kuti, "Amalume, ku lokeshoni khadi siiletsa munthu. Tiphikire 320." Analemba m'kope mwanga: ufa makilogalamu 50, mpunga 40, nkhuku 60, mafuta malita 20, ndi zina zing'onozing'ono mpaka machesi. Wapampando ankafuna tichepetseko kuti ndalama ina ipite ku keke. Ndinakana, ndipo tsikulo litafika ana a m'makomo oyandikana, amayi ogulitsa pamsewu ndi anyamata onyamula zokuzira mawu onse anadya, palibe amene anabwezedwa pamzere.

Tsopano nsima, chifukwa ndi pamene mtima wanga wagona.

Muno mu Zimbabwe tinazolowera ufa wa m'sitolo, wa roller meal kapena woyengeka wa m'mapaketi, ndipo ana athu ambiri sadziwa kuti ufa woyera wa kumudzi umakoma mosiyana. Amayiwa anakana ufa wa m'sitolo pa nsima ya akuluakulu. Anatiuza tigule chimanga, chimene chaka chimenecho chinali chodula chifukwa cha chilala cha El Niño, chija boma linachilengeza mu Epulo kuti ndi tsoka la dziko lonse. Anakachikonoletsa kuchigayo, mphale yake anaiviika m'migolo masiku atatu, anaitsuka, anaiyanika pamphasa, anakagayitsa, ufawo n'kuuyanikanso padzuwa mpaka unauma gwa. Ntchito yonseyi sanatilipiritse padera, kupatula ya kuchigayo. Nsima yake inali yoyera mbee, yosalala, yopanda mbulu ngakhale umodzi, yonunkhira kafungo kaja ka mphale yoviika kamene kamakukumbutsa kukhitchini kwa agogo. Anaiomola m'mitanda ndi chipande choviika m'madzi, mtanda uliwonse wowala pamwamba. Mayi athu aang'ono, amene ali ndi zaka zoposa 80 ndipo anapirira ulendo wonse wa pa basi, anatema mbamu imodzi, anaiumba m'manja, asanasunse n'komwe anatembenukira kwa mlongo wanga n'kunena kuti, "Iyi ndiye nsima." Ine mawu amenewo anandikwanira. Munthu wachikulire ngati ameneyo sayamikira nsima pofuna kukondweretsa munthu.

Chinanso n'chakuti sanaphike nsima yonse kamodzi. Ophika ambiri amavundula m'mamawa, kukulunga m'mapulasitiki, kuika m'mabokosi, ndipo ikamafika kwa mlendo imakhala itatuluka thukuta, yozizira kunja. Amayiwa anasiya mapoto awiri aakulu a phala ali pamoto, akuwira pang'onopang'ono, ndipo atamva kuti anthu ayamba kuima pamzere m'pamene atsikana awo anathira ufa n'kuyamba kuvundula ndi mithiko italiitali. Poto wina akamaomoledwa, wina amakhala akuthyakulidwa. Womaliza pamzere anadya nsima yotentha chimodzimodzi ndi woyamba. Kwa akuchimuna anaphikanso sadza la ufa wa roller meal, lolimbirapo monga amalikondera, koma ndinaona azakhali a mkwati akubwereranso kudzatenga mtanda wathu.

Zonsezi zinkachitika pa nkhuni. Chaka chimenecho madzi ku damu la Kariba, kumene amapangira magetsi, anatsika kwambiri, magetsi ankazima kuyambira m'bandakucha mpaka usiku, ndipo tsiku la ukwati nalonso anazima. Amayiwa sadalira magetsi pa chilichonse. Anafika Lachisanu madzulo ndi anthu awo asanu ndi atatu, anakonza mafuwa kuseri kwa bwalo, mbuzi zinaphedwa dzuwa litalowa, ndipo nyama inayamba kuwira usiku womwewo kuti isagone yaiwisi m'nyengo yotentha ija. Nkhuku anaziviika m'migolo ya ayezi amene anatiuza tigule. Iwo anagona pomwepo, pamphasa, pafupi ndi moto.

Ndiwo zamasamba zinatsala pang'ono kutivuta. Usiku wa pa 8 Okutobala moto unapsereza msika wa ogulitsa ku Mbare Musika, ndipo masiku otsatira tomato, anyezi ndi kabichi zinasokonekera mitengo ndi kopezeka. Ine ndinada nkhawa, poti ndalama ya masamba tinali titaiwerengera kale. Amayiwa anangoti ndiwapatse ndalama ya mafuta a galimoto, ndipo Lachinayi anapita okha ku Domboshava, kwa alimi a m'madimba amene amadziwana nawo kalekale. Anabwerako ndi tomato, repu, masamba a covo, ndi nkhwani wanthete, mwezi woti nkhwani sapezeka wamba. Ndalama imene inatsala anandibwezera ndi pepala lolemba pamanja.

Nkhwaniwo anautendera ndi nsinjiro, zosinja kuchokera ku mtedza wa ku Dedza uja, osati dovi, chiponde cha kuno, wa m'botolo. Amene munadyapo zonse ziwiri mukudziwa kusiyana kwake: dovi amachokera ku mtedza wokazinga, ndiye amalemera mafuta n'kuphimba kukoma kwa masamba, pomwe nsinjiro za mtedza wosakazinga zimalowerera m'masamba mopepuka. Koma sanaiwale eni mkwati, anawaphikira poto wa mpunga wa dovi, umene Ashona amaukonda pa zikondwerero, ndipo unatha woyamba. Mpunga wa Kilombero anauphika wopanda zokometsera zambiri, mchere ndi mafuta pang'ono basi, kuti fungo lake limveke, ndipo linamveka mpaka kumsewu. Patebulo la ankhoswe ndi makolo panapita nkhuku zachikuda zophika mwakachetechete ndi tomato ndi anyezi, mang'ina, ndi zam'kati za mbuzi zokulunga ndi matumbo. Ena onse analandira nkhuku zoyera zokazinga, nyama ya ng'ombe kapena ya mbuzi, nyemba, ndi kachumbali wa kambuzi amene ena anatuluka naye misozi koma osasiya.

Si zonse zinakoma. Poto mmodzi wa nyama ya ng'ombe anatsika pamoto asanapse, moti okalamba ena anangoyamwa msuzi n'kusiya nyama m'mbale. Saladi wa kabichi wothira mayonesi anamukonza m'mawa kwambiri, ndipo pofika masana anali atasungunuka madzi chifukwa cha kutentha. Ndinawapempha kuti amuchotse patebulo, anamuchotsa osatsutsa. Ndikuona kuti zakudya zachizunguzi si kumene kuli luso lawo, ndipo mukafuna masaladi ambiri ndi bwino wina wa m'banja adzawakonze chakudya chitatsala pang'ono kuperekedwa.

Thobwa lokha linali lopanda chilema. Anaphika phala la mgaiwa Lachinayi, litazizirira anathira chimera cha mawere, linagona usiku, m'mawa mwake analiwiritsanso n'kulisiya lizizire m'migolo yovundikira ndi nsalu, pamthunzi. Anandifotokozera kuti mu Okutobala thobwa silichedwa kusasa, ndiye ukalifulumizira tsiku limodzi lokha umapatsa anthu a mpingo chinthu chimene chayamba kulowera ku mowa. Lathu linali lotsekemera ndi chimera chokha, shuga anaika pambali kuti wofuna adzithirire. Tinagulanso Mazoe, chakumwa chosungunula ndi madzi, ndi zakumwa za m'mabotolo, koma makireti angapo anabwerera osatsegula chifukwa anthu ankangopempha thobwa. Anyamata obadwira konkuno, amene Chichewa chawo n'chothyokathyoka, ankafunsa agogo awo kuti chimera amapanga bwanji. Ndinaima pambali kumvetsera gogo wina akufotokoza za kuviika mawere, kuwafunditsa mpaka atamera, kuwayanika ndi kuwapera. Nkhani ngati imeneyo panyumba siyambika yokha, inayambika chifukwa cha chikho chimene chinali m'manja.

Za madzi ndiyenera kuzitchula, poti ambiri timaziiwala pokonza bajeti. Mipopi ya kwathu imatha masiku ili youma. Amayiwa ananeneratu kuti sayatsa moto asanaone migolo isanu ndi umodzi yodzaza, ina ya kuphikira, ina ya kutsukira mbale. Anyamata anatunga kumjigo Lachinayi ndi Lachisanu. Anakananso beseni limodzi losambiramo m'manja anthu onse. Chiyambireni kolera ya mu 2023, imene inavuta kwambiri ku Kuwadzana ndi madera ena a mumzinda muno, iwo amaika atsikana awiri kumayambiriro kwa mzere, wina ndi sopo, wina ndi jagi yothirira. Akuluakulu okhala patebulo anawapitira komweko, atagwada, kuwathirira mmodzimmodzi. Ulemu unasungika, ukhondo nawo unasungika, ndipo palibe amene tinamva kuti anadwala m'mimba pambuyo pake.

Pamene amayiwa anaonetsa kuti ndi akatswiri a maukwati athu ndi pa nkhani ya nthawi. Mwambo wa kutchalitchi unayamba mochedwerapo ndipo unatha dzuwa lili paliwombo. Akwati ndi operekeza anapita kukajambulitsa ku Harare Gardens, poti mkwatibwi ankafuna zithunzi za maluwa a jakaranda asanayoyoke, ndipo kumeneko anapeza maukwati ena ali pamzere. Anabwerako nthawi itadutsa 3 koloko. Pamenepo n'kuti operekeza asanavine masitepe awo, makolo asanalankhule, perekani-perekani asanayambe. Aliyense amene anakhalapo pa ukwati wachimalawi akudziwa kuti perekani-perekani sathamangitsidwa: aitanidwa akuchikazi, akuchimuna, a kumpingo, a kuntchito, anzake a mkwatibwi a kusukulu, ovala nsalu yofanana, aliyense ndi nyimbo yake. Kunonso kuli vuto lakelake. Kumudzi munthu amasinthitsa ndalama kukhala timapepala tating'ono n'kuvina nato nthawi yaitali, pomwe kuno pepala laling'ono la ku America ndi $1, ndipo chenji n'chosowa, ndiye otola ndalama ankachedwa kusinthira anthu.

Mu komiti tinali titagwirizana kuti chakudya chidzaperekedwe perekani-perekani atatha, poopa kuti anthu akakhuta adzathawa osafupa. Cha m'ma 1 koloko amayiwa anandiitanira kuseri. "Amalume," anatero, "munthu wanjala safupa, maso ake amakhala kukhitchini. Ndiloleni ndidyetse ana ndi agogo panopa, enawa ndiwagwire ndi thobwa. Akwati akangokhala pansi, tipemphere, anthu adye, kenako muwavinitse." Ndinakambirana ndi wapampando ndi ankhoswe a mbali zonse, ndipo tinalola. Ana anakhazikidwa pamphasa pansi pa mtengo, anadya, phokoso linachepa. Okalamba, ena a iwo odwala shuga, anadya pa nthawi yake. Akwati atafika, anatsegula mizere inayi, ndipo khamu lonse lija linalandira chakudya ola lisanathe. Anthu sanathawe. Anavina mpaka mdima, ndipo ndalama imene tinawerenga usiku umenewo inaposa imene tinkayembekezera. Wophika wongodziwa mphika sakanatipatsa nzeru imeneyo. Pamafunika munthu amene waona maukwati ambiri a mtundu wathu ali kuseri, akuyang'ana nkhope za anthu.

Ndikanakonda nkhani ikanathera pamenepa, koma $380 ina tinalipira pa matenti awiri, mipando 250, matebulo, nsalu ndi jenereta, ndipo apa tinakhumudwa. Mbali imeneyi amayiwa saigwira okha, anaisiya m'manja mwa mnyamata wina wachibale, ndipo zikuoneka kuti saiyang'anira. Tinapangana kuti matenti adzakhomedwa Lachisanu masana. Lole inafika Loweruka m'mawa, amayi a kumpingo atayamba kale kusesa. Mipando itawerengedwa inaperewera 30, tinachita kukabwereka mabenchi. Nsalu zovekera mipando zina zinali ndi madontho a msuzi wa ukwati wina, moti atsikana athu anazitembenuza kuti dothi libisike. Mkwatibwi anasankha mtundu wobiriwira ndi wagolide, ndipo anaonetsa chithunzi pa foni miyezi iwiri m'mbuyo, koma zimene zinabwera zinali zofwifwa, zobiriwira za mitundu itatu yosiyana. Tenti imodzi inali yong'ambika pakona, mzati wake womanga ndi waya, ndipo mphepo ya fumbi itawomba masana anyamata awiri anachita kuugwirira. Jenereta inatha mafuta bambo a mkwati ali pakati polankhula, chifukwa mnyamatayo anabwera ndi ochepa ngakhale tinamupatsa ndalama yokwanira. Mkulu uja anamaliza mawu ake mokuwa, akumbuyo osamva kanthu. Zinandipweteka, chifukwa munthu amakwatitsa mwana wake woyamba kamodzi kokha, ndipo mawu amenewo anali atawakonzekera.

Pamwamba pa izo, madzulo mnyamatayo anandipeza n'kunena kuti pali $60 ya lole imene sinali m'pangano. Ndinamuuza kuti nkhaniyo ndikambirana ndi amayi ake aakulu. Vuto linali lakuti pangano la matenti linali la pakamwa, lopanda lisiti, pomwe la chakudya linali lolembedwa m'kope. Lolemba ndinapita ku Dzivarasekwa. Amayiwa anandilandira bwino, anamvetsera zonse osandidula, anapepesa, ya lole anaithetsa, ndipo anabweza $50 ya mipando yoperewera ndi nsalu zakuda. Ndikuwalemekeza pa zimenezo, poti ena akanangozimitsa foni. Koma kubweza ndalama sikubweza zithunzi, ndipo mwana wa mlongo wanga akamaonetsa anzake zithunzi za kuphwando amadumpha zimene tenti ikuoneka.

Kulumikizana nawo nakonso n'kovuta. Uthenga wa pa WhatsApp umatha masiku osayankhidwa, makamaka Lachinayi mpaka Lamlungu pamene amakhala pamoto. Chilichonse chofunika tinachimaliza pamaso, nditakwera minibasi kupita kwawo. Mukapita, tengani kope, lembani zonse, tsiku lofika, chiwerengero cha mbale, amene adzagule nkhuni ndi ayezi, amene adzalipire galimoto, ndipo onse awiri musayine. Mbale zawo n'zokwana anthu pafupifupi 200, kotero pa ukwati waukulu amatsuka zina anthu akudya. Kwa ife sizinachedwetse mzere, koma funsiranitu ngati alendo anu ndi ochuluka kuposa athu. Keke sapanga, ndipo amanena okha poyera.

Lamlungu m'mawa, alendo a ku Dedza asananyamuke, amayiwa anaitana mlongo wanga ndi apongozi ake a mkwatibwi n'kuwaonetsa zotsala zonse: chigubu cha mafuta chosatsegula, mpunga pafupifupi theka la thumba, ufa, nyemba, ndi ndowa ziwiri za nyama yophika imene anaiwiritsanso usiku kuti isawonongeke. Anati agawane okha monga asewere, iwo sakhudzapo. Amene munakhalapo mu komiti ya ukwati mukudziwa kuti kuseri kwa khitchini n'kumene katundu amamera miyendo, ndipo mabanja ena amadana zaka chifukwa cha nkhuku zosowa. Ife sitinasowe ngakhale paketi ya mchere. Phulusa analikwirira, mafuwa anachotsa, bwalo analisesa, moti woyang'anira malowo anatibwezera ndalama yathu ya chikole yonse.

Ngati ukwati wanu ndi wa ku hotela kapena kumalo aja a udzu wobiriwira a ku Borrowdale, kumene amafuna operekera zakudya ovala yunifolomu ndi mbale zamagalasi, amayiwa si anu, ndipo malo ambiri otero salola kusonkha moto wa nkhuni. Ngati alendo ndi osapitirira 80, mtengo wawo ukulemerani, poti anthu awo amabwera onse ngakhale phwando lichepe, ndiye kuli bwino amayi a m'banja aphike okha. Koma ngati ndi ukwati wa pabwalo la tchalitchi kapena la sukulu ku Mufakose, Mabvuku, Tafara, Highfield kapena Epworth, wa anthu mazana awiri kapena atatu, ndipo mukuyembekezera basi ya achibale ochokera kumudzi, apiteni msanga, miyezi inayi tsikulo lisanafike, ndipo chimanga muwapatse kutatsala sabata ziwiri kuti mphale ipeze nthawi yoviika ndi youma.